Mzere wa 214

Lachitatu pa 18 Juni ndinachita intavyu ku kampani yotumiza ndalama pa foni. Ndinalowa m'chipinda cha mafunso 9:05 m'mawa, ndinatuluka 12:40. Ankafuna anthu awiri olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ofika pa gawo lomaliza tinalipo anayi. Wamkulu pa onse ndinali ine, wa zaka 41.

Ntchito ndinali nayo, koma inali ikutha. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusamalira pulogalamu yogulitsira matikiti ku kampani ya mabasi, ndekhandekha, m'kachipinda kogundana ndi galaja. Mu Epulo mabwana anagula pulogalamu ina yakunja, nandipatsa kalata yoti tsiku langa lomaliza ndi Lolemba pa 30 Juni. Ndinafunsira ntchito m'malo khumi ndi anayi. Anandiyankha ndi awa okha.

Oyamba kundiimbira anali bambo oona za antchito, Lolemba pa 2 Juni. Tinalankhula mphindi 22. Bambowa sayamba kulankhula popanda mawu oti chonde: chonde ndiuzeni za inu, chonde bwerezani, chonde musadandaule. Anandiuza mosabisa kuti pa chilengezo analemba digiri, pamene ine ndili ndi dipuloma, koma anaona zaka zisanu ndi zinayi zija n'kuika kalata yanga pa mulu wa oitanidwa. Akazi anga, amene ndi telala ndipo ankamvetsera ali pa makina awo, anangowatcha a Chonde. Kunyumba kwathu dzina lawo ndi lomwelo mpaka lero.

Lachisanu pa 6 Juni, 12 koloko masana, a Chonde ananditumizira ntchito yochitira kunyumba. Ndinayenera kulemba kapulogalamu kolandira pempho la munthu wofuna kutumiza ndalama, kalipereke ku banki, kabweze yankho. Bankiyo inali yongoyerekezera, yopanga iwo omwe, ndipo anachenjeza kuti nthawi zina imachedwa kuyankha. Zonse zinayenera kuikidwa mu ripo, malo a pa intaneti amene olemba mapulogalamu timasungamo khodi yathu, ndiye kuti mizere ya malangizo imene timalembera kompyuta. Pansi pa malangizo panali chiganizo cha zilembo zikuluzikulu: ikakwana 12 koloko Lolemba, musasinthenso chilichonse.

Masiku atatu amenewo akazi anga anatulutsira makina awo pakhonde kuti phokoso lisandisokoneze, ndipo makasitomala ankawayezera konko. Mwana wathu anakagona kwa azakhali ake. Tebulo lodyera linasanduka ofesi. Ndinamaliza Lolemba m'mawa, ndinawerenganso kawiri, ndinatumiza 11:41, ndipo masana ndinapita kuntchito mtima uli m'malo.

Lachiwiri m'mawa akazi anga anandituma mazipi pa sitolo ya pakona. Ndinalipira pa foni. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira, kuzungulira, osatha. Ndinakweza chala kuti ndidinenso.

"Ayi ayi, bambo, musadinenso!" anatero mayi wa sitolo, atandigwira dzanja. "Ikamatere ndalama zapita kale, likuchedwa ndi yankho. Dzulo wina anadina katatu. Mabatani a malaya amodzi, analipira ngati akugula shelefu yonse."

"Zinabwerera?"

"Zili m'njira. Zikubwera wapansi."

Ndinaseka nawo. Ndinapereka mazipi pageti osalowa m'nyumba, ndipo ndisanafike pokwerera basi kuseka kunali kutatha.

Kuntchito ndinatsegula laputopu 8:50, ndisanavule jekete. Mzere wa 214 wa khodi yanga unkanena kuti: banki ikapanda kuyankha pa masekondi khumi, tumizanso. Sunkafunsa ngati pempho loyamba lafika. Ndinachedwetsa banki yoyerekezera ija kuti iziyankha pa masekondi 11. Pempho linali limodzi, ndalama zinachoka kawiri. Ndinayesa kasanu, ndipo kasanu konse zinachoka kawiri. Chala chimene mayi uja anachigwira m'sitolo ine ndinali nditachilemba mu pulogalamu, chodina chokha, popanda wochigwira.

Ndinaimbira msuweni wanga. Iye amalemba mapulogalamu ku kampani ya inshuwalansi, ndipo ndi amene anandiuza za mwayi wa ntchitowu.

"Asuweni, mawuwo bwanji? Ngati munthu amene waswa mbale ya apongozi."

Ndinamufotokozera.

"Basi? Ndimayesa mwagunda mbuzi ya eni. Kukonza ndi mizere ingati?"

"Isanu ndi inayi."

"Konzani, mubweze tsiku likhale Lamlungu, mukankhire pamwamba pa zakalezo. Mphindi zitatu, nkhani yatha."

Zimene ankanena ndi zotheka. Nthawi iliyonse munthu akasunga zimene wasintha mu ripo, pamalembedwa tsiku ndi ola. Koma tsikulo limachokera pa kompyuta ya wolembayo, ndipo aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti ukhoza kuikapo tsiku limene wafuna.

"Anati tisasinthe," ndinatero.

"Anati, anati. Anthu aja ali ndi maripo angati oti aone? Yanu sanaitsegule n'komwe. Inu ukukupwetekani ndi ukalamba, asuweni. Ana amene mukupikisana nawo akanabweza kale tsiku n'kupita kukamwa tiyi."

"Akazindikira?"

"Akazindikira mwataya ntchito imene mulibe. Mukasiya chonchi mwatayanso yomweyo. Kusiyana kwake n'chiyani? Pa 30 si patali. Ine kwathu malo ogona alipo, koma a munthu mmodzi, ndipo nditenga alamu. Inu mumaliza mkonono."

Ndinachita zimene ananena. Pofika 10:05 ndinali nditakonza mizere isanu ndi inayi, ndipo pa tsiku ndinaikapo Lamlungu pa 8 Juni, 16:10. Chinatsala n'kudina batani limodzi.

Foni inalira. Anali akazi anga.

"Abambo, ndinati mazipi a masiketi. Awa ndi otsekera tenti?"

Ndinapepesa, kenako ndinawauza zonse.

"Ine ndikadula nsalu molakwa ndimabisa mu mpendero," anatero. "Telala aliyense amatero. Amene angakane ndi wabodza."

"Ndiye ndidine?"

"Sindinatero. Ndati ine. Koma ikakhala diresi ya ukwati ndimanena, chifukwa mkwatibwi amakweza manja, zonse zimaonekera. Yanuyo kaya ndi ya ukwati kaya ndi ya kumunda, mukudziwa ndinu. Mazipi a masiketi mubwere nawo."

Ndinakhala ndikuyang'ana 16:10 ija. Ku mabasi ntchito yanga yambiri si kulemba khodi, ndi kuweruza. Wokwera amati ndinalipira, kondakitala amati sanalipire, onse amabwera kukachipinda kanga, ine n'kutsegula kaundula wa pa kompyuta n'kuwawerengera nthawi. Zaka zonsezi palibe anatsutsapo, chifukwa aliyense amadziwa kuti nthawi sindiikhudza. Komanso ndinkaopa kugwidwa. Zonse ziwiri zinalipo, ndipo sindinganene chimene chinalemera kuposa chinzake.

Ndinafufuta zimene ndinakonzazo. 10:52 ndinatumiza imelo kwa a Chonde, poti adiresi yawo ndi yokhayo imene ndinali nayo. Ndinalemba kuti mzere wa 214 ungalipire kawiri banki ikachedwa, ndinafotokoza mmene angaonere vutolo ndi mmene ndikanalikonzera, ndipo ndinamaliza ndi kunena kuti ripo sindinaikhudze chiyambire 11:41 Lolemba.

Sanayankhe tsiku limenelo, kapena lotsatira, kapena sabata yonseyo. Msuweni wanga anati ndapita ndekha kukauza mwini munda kuti ndaba, mwiniyo asanalowe n'komwe m'mundamo. Lolemba pa 16 Juni, 14:15, a Chonde anaimba: chonde mubwere Lachitatu 9 koloko. Za imelo sanatchule. Ndinaganiza kuti anthu aja anaiwerenga, aona zondikhululukira.

Lachiwiri madzulo akazi anga anandiimika pakati pa balaza nditavala jekete, iwo mapini ali pakamwa.

"Tiyerekeze ndine bwana. Bambo, n'chifukwa chiyani tikulembeni ntchito?"

Ndinaganiza kaye.

"Mwalephera kale. Bwana wapita kukadya. Tambasulani manja."

Kampaniyo ili pa nsanjika yachinayi. Pansi, pa khomo lagalasi, mlonda amatenga foni ya mlendo aliyense, n'kuitsekera m'kabokosi kachitsulo, n'kumupatsa kiyi ndi khadi lovala m'khosi. Ndi lamulo lawo: kumene kuli zinsinsi za ndalama za anthu sikulowa kamera. Langa linali bokosi nambala 7.

Anzanga atatu anali atakhala kale pa benchi, anyamata awiri ndi mtsikana, onse osafika zaka makumi atatu, atavala majuzi ndi nsapato zothamangira. Nditalowa ndi jekete langa onse anaimirira.

"Mwadzuka bwanji, bwana."

"Khalani pansi," ndinatero. "Nanenso ndabwera kudzapempha."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira pakamwa, kenako anandisunthira malo. Patapita mphindi zochepa aliyense anatengedwa kuchipinda chake, kwa omufunsa ake.

M'chipinda changa munali tebulo lalitali, sikirini yaikulu pakhoma, bolodi loyera ndi jagi ya madzi. Ofunsa anali awiri. Mkulu wa mainjiniya anali mayi a msinkhu wanga, a tsitsi lalifupi, olemba ndi pensulo m'kope laling'ono. Mnzawo anali injiniya wa magalasi, wocheperapo, amene ntchito yake, mmene ananenera yekha, ndi kuswa zimene anzake amanga.

Ola loyamba linali la mafunso. Analipo khumi ndi limodzi. Asanu ndi atatu ndinayankha bwino, awiri mwa theka. Limodzi linali la chida cha pa kompyuta chimene iwo amagwiritsa ntchito tsiku lililonse, pamene ine ndinangochimva dzina. Ndinati sindikuchidziwa. Mayiwo analemba kanthu osakweza mutu.

10:10 wa magalasi anaika khodi yanga pa sikirini.

"Akulu, ntchito yanu ndi yaukhondo. Ndinaiwerenga ngati nyuzipepala. Koma taonani izi."

Anachedwetsa banki kufika masekondi 11, natumiza pempho limodzi. Pa sikirini panatuluka malipiro awiri ofanana.

"Tinene kuti ndi mayi wina akugulira mwana mankhwala. Zachoka kawiri. Waima pa kauntala, m'foni mulibe kanthu. Timuuza chiyani?"

"Ndi mzere wa 214," ndinatero. "Ndinalemba zimenezi mu imelo ya Lachiwiri pa 10, nthawi ya 10:52."

Anayang'anizana.

"Imelo iti?" anafunsa mayiwo.

"Ndinatumiza kwa bambo oona za antchito."

"Ife sitinalandire kanthu."

Wa magalasi anavula magalasi ake, nawapukuta pa malaya akumwetulira. "Akulu, musadandaule. Chaka chino ndaonetsa anthu asanu ndi awiri vuto ngati ili. Onse anali ataliona kale. Mmodzi analiona kumaloto."

Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditulutse foni. Munali kiyi wa bokosi nambala 7.

Bodza ndinali nditalisiya Lachiwiri lija, koma apa ndinkaoneka wabodza ndithu, ndiponso wabodza wosadziwa kunama.

"Za imelo zisiyeni," anatero mayiwo. "Ine sindingayese chimene sindinaone. Kiyibodi ndi iyo. Konzani tikuona."

Ndinakokera mpando n'kuyamba. Choti ndilembe ndinkachidziwa, poti ndinali nditachilembapo kale kamodzi. Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri mayiwo anagogoda tebulo ndi pensulo.

"Bambo, kwanu mumagwira ntchito ndi ndani?"

"Ndekha."

"Zikuoneka. Kuno timagwira awiriawiri, ndipo munthu akakhala chete timamufunsa ngati wadwala. Lankhulani. Zala ndaziona, ndi zachangu. Ndikufuna ndimve mutu."

Palibe amene anandipemphapo zimenezo. Oyandikana nawo anga kuntchito ndi mainjini a mabasi, ndipo safuna kufotokozeredwa. Mawu oyamba anatuluka ngati a mwana wa sukulu woitanidwa kubolodi. Ndinati pempho lililonse likhale ndi nambala yakeyake. Tisanatumize ku banki tione mu kaundula ngati nambalayo ilimo kale. Ikakhalamo tisatumizenso, tingofunsa banki kuti loyamba lija lili pati. Ndinkanena ndikulemba, ndipo pang'onopang'ono pakamwa panazolowera.

Wa magalasi anachedwetsanso banki. Malipiro anatuluka amodzi.

"Chabwino. Nanga mapempho awiri a nambala imodzi akafika limodzi, pa kamphindi komweko? Onse ayang'ana mu kaundula, onse apeza mulibe."

Ndinayang'ana sikirini. Zimenezo sindinaziganizire. Mizere isanu ndi inayi ija, imene ndinafuna kuilembera tsiku la Lamlungu, nayonso ikanagwa pomwepa.

"Onse atumiza," ndinatero. "Zichoka kawiri. Sindinaganizepo."

"Ganizani tikumva," anatero mayiwo. Kenako anaimirira natuluka. Inali 10:50.

Ndinanena njira ziwiri, zonse zolakwika, ndipo ndinanena ndekha pamene zikulakwikira. Wa magalasi anadikira pang'ono, naimirira, natenga cholembera, najambula pa bolodi mawindo awiri ndi kampando kamodzi.

"Inu ndinu a mabasi, akulu. Ogulitsa matikiti awiri, mawindo awiri, mpando 14 ndi umodzi. Kwanu mumatani?"

Kwathu vuto limenelo ndinalithetsa chaka changa chachiwiri, anthu awiri atakokana malaya pa mpando wa pawindo. Suyamba wafunsa ngati mpando uli ndi munthu. Umangolembapo dzina, ndipo kaundula anakonzedwa kuti akane dzina lachiwiri. Wokanidwayo ndiye amadziwa kuti wachedwa. Ndinanena zimenezi, ndipo ndisanamalize kunena ndinali nditayamba kulemba.

Wa magalasi akanatha kungokhala, n'kundisiya ndimire, iye n'kulemba malikisi ake. Funso lake linali theka la yankho, ndipo ankadziwa.

Mayiwo anabwerera 11:05 n'kukhala osanena kumene anapita. 11:48 wa magalasi anatumiza mapempho mazana asanu a nambala imodzi nthawi imodzi. Malipiro anatuluka amodzi. Anayesanso. Amodzi.

"Aa, madala," anatero, "mwandilanda nkhani ya pa nkhomaliro. Ndimafuna ndikauze anzanga mmene ndakuswerani."

Anandithirira madzi mu kapu. Kenako tinakamba za mmene amagawirana ntchito, zimene amachita pulogalamu ikagwa pa tsiku lotanganidwa, ndi tsiku limene ndingayambe. Ndinati pa 1 Julayi.

12:25 pachitseko panagogoda munthu. Analowa bambo aafupi a tayi, pepala limodzi lili m'manja. Ndinawadziwa ndi mawu.

"Chonde pepani kusokoneza. Mayi, munabwera kudzandifunsa za imelo, ndinati sindikukumbukira. Ndafufuza. Ilipo." Anaika pepalalo patebulo. "Inafika Lachiwiri pa 10 Juni, 10:52. Ndinaitsegula 11:03, ndinaona kuti ndi za makhodi, ndinati nditumiza kwa inu ndikatuluka mu msonkhano. Sindinatumize. Chonde mlandu ndi wanga, si wa bambowa."

Ananena zimenezi ataimirira, pamaso pa mlendo, ndiponso pamaso pa wa magalasi, amene akanatha kukhala mwana wawo. Ku kampani yonseyo imeloyo inali mu kompyuta yawo yokha. Akanati sinafike, ine ndikanaonetsa yanga pa foni potuluka, iwo n'kuti mwina ndi netiweki, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mayiwo anawerenga mpaka pansi, napatsira wa magalasi. Iye anawerenga, nakanda m'mutu.

"Akulu, ndinakusekani. Pepani. Inu si wa maloto uja."

"Nanenso ndikanaseka," ndinatero.

Mayiwo anatseka kope n'kundiuza mmene zinthu zilili. Ntchito yakunyumba anaichonga Lachinayi pa 12 Juni, ndipo chifukwa cha mzere wa 214 ndinali wachinayi pa anayi. Pa pepala lawo lochongera pali malikisi a munthu amene wapeza yekha cholakwa chake n'kuchinena, ndipo malikisi amenewo akanandikweza kufika wachiwiri. Koma ku kampani imeneyo chimene chalowa mu kaundula sichifufutidwa, kaya ndi ndalama, kaya ndi malikisi a intavyu. Kuti chisinthe pamafunika fomu yosainidwa ndi anthu atatu: mkulu wa mainjiniya, woona za antchito, ndi bwana wamkulu wa kampani.

"Ine ndisaina," anatero. "Ntchito sindikukulonjezani, bambo. Atatu aja si ana oseweretsa, ndipo chida chija simukuchidziwa. Ndikulonjeza fomu."

A Chonde anandiperekeza mpaka kwa mlonda. M'chikepe ndinawathokoza.

"Chonde musandithokoze. Ndakusowetsani mtendere sabata yathunthu. Pa fomu ija pali malo olembapo chifukwa, ndipo chifukwacho ndine. Bwana awerenga."

"Sizikuikani m'mavuto?"

"Kalata yochenjeza, mwina. Ndatha zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito ngati iyi ndilibe ngakhale imodzi. Anthu ayamba kuganiza kuti sindigwira ntchito."

Ndinapereka kiyi, mlonda anatsegula bokosi. Pa foni panali mafoni asanu ndi limodzi osayankhidwa, anayi a msuweni wanga, awiri a akazi anga.

Msuweni wanga anafika kunyumba 5 koloko, ataweruka. Ndinafotokoza kuyambira pa benchi mpaka m'chikepe, iye akumwa tiyi, akazi anga akudula ulusi pa siketi.

"Ndimve bwino," anatero. "Munakana kubweza tsiku, munaulula, imelo inagona sabata, anakusekani, mulinso wachinayi pa anayi, ndipo mwabwera kuno mukuthokoza?"

"Eya."

"Alamu, amuna anuwa akadzawabera pa msewu adzalembera akubawo kalata yoyamikira."

"Asiyeni," anatero akazi anga. "Alankhula maola atatu ndi theka. Kuno mawu awo ndimachita kuwatola ngati mapini. Anthu amenewo ndikufuna ndiwaone, andiuze mankhwala ake."

Msuweni wanga anaseka, namaliza tiyi, nayamba kuzunguza kapu.

"Asuweni, za mapempho awiri ofika limodzi zija. Tandionetsani pa laputopu. Ndikukayika kuti kwathu tili nazo."

Ndinamuonetsa. Anajambula sikirini ndi foni yake, ndipo za ukalamba sanatchule.

Lachinayi m'mawa ndinalemba mawu othokoza kwa onse atatu. Kwa mayi aja ndinathokoza chifukwa choimirira 10:50 kukafunsa za imelo imene ananena okha kuti sangaiyese. Kwa wa magalasi ndinathokoza chifukwa cha mpando 14. Zonse ndinatumiza kwa a Chonde, poti adiresi inali yomweyo. Anayankha patapita mphindi zinayi: chonde ndatumiza kale kwa eni ake.

Ananena kuti yankho lidzabwera Lachitatu pa 25 Juni, ndipo a Chonde anaimba tsiku lomwelo, 15:30. Malo amodzi apatsidwa kwa mtsikana uja. Achiwiri ali pakati pa ine ndi mmodzi wa anyamata aja. Fomu ikasainidwa ndili patsogolo ndine, ikapanda kusainidwa ali patsogolo ndi iye. Mkulu wa mainjiniya anasaina pa 19 Juni, a Chonde tsiku lomwelo. Bwana wamkulu analandira fomuyo pa 20, anaiwerenga, nati akufuna aiganizire, chifukwa chiyambire kampaniyo malikisi a munthu sanasinthidwepo. Pa 23 ananyamuka ulendo wa ntchito.

Lero ndi Lachisanu pa 27 Juni. Kukachipinda kanga ndachotsa mabuku pa shelefu, ndipo mawu achinsinsi a kaundula ndapereka kwa mabwana mu envelopu. Bwana wamkulu wa kampani ija akubwerera Lachiwiri pa 1 Julayi. Malo achitatu pa fomu akadali osasainidwa.